KODI TETRIS NDI CHIBWANA CHABE?

M'mwezi wa December 2023 mnyamata wina wa zaka 13 wa ku Oklahoma m'dziko la America, dzina lake Willis Gibson, adachita chinthu chimene munthu aliyense adali asanachitepo. Iye adasewera Tetris pa makina a Nintendo kwa mphindi pafupifupi 38, ndipo atafika gawo la 157 makinawo adasokonezeka nkuima. Chodabwitsa nchakuti masewerawo adatuluka mu 1989, iye asanabadwe nkomwe. Kodi mwana wa lero, amene ali ndi masewera azithunzi zokongola pa foni, adaonamo chiyani m'tinjerwa takale timeneti? Ine ndikuona kuti masewera oterewa ngoyenera ulemu, komanso ngoyenera kuwaopa.

Tiyambe ndi mbiri yake. Tetris adaipanga ndi Alexey Pajitnov mu 1984 ku Moscow, pa kompyuta yotchedwa Elektronika 60. Popeza ankagwira ntchito ya boma la Soviet Union, phindu lake lidayamba lapita kwa ena, ndipo iye mwini adayamba kulandirapo ndalama mu 1996. Masewerawa adafalikira kwambiri mu 1989 pamene adaikidwa mu Game Boy. Kuno kwathu ambiri adawadziwira pa tizipangizo totchipa tamabatire totchedwa Brick Game. Abale ake ndi ambiri, monga Lode Runner wa 1983, Boulder Dash wa 1984 ndi Dr. Mario wa 1990. Onsewa amafuna kuti mutu uganize ndipo zala zifulumire pa nthawi imodzi.

Poyamba, chokoma chake nchakuti malamulo ake ngochepa. Pali tinjerwa tamitundu 7 yokha, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi 4. Timagwa kuchokera pamwamba m'bwalo la timabokosi 10 m'lifupi ndi 20 m'litali. Iwe umatitembenuza ndi kutiyala. Mzere ukadzaza umafufutika. Mwana wa Sitandade 3 atha kumva zimenezi m'mphindi ziwiri, koma kuti akhale katswiri pamafunika zaka. Nchimodzimodzi bawo: maenje ndi nkhomo aliyense amaziona, koma si aliyense angagonjetse agogo aja okhala pansi pa mtengo.

Chachiwiri, masewerawa sanyengerera munthu. Ukayika kanjerwa polakwika, bowo limatsala pansi ndipo tinjerwa tina timaunjikana pamwamba pake. Sungaliiwale, pakuti ukuliona ndi maso. Uyenera kufufuta mizere yapamwamba kuti ulifikire ndi kulikonza. Masewera ambiri a pa foni masiku ano, ukalephera, amakuuza kuti ulipire ndalama kapena uonere malonda kuti upitirize. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Tetris wakale uja mulibe chiphuphu chotero. Ukalephera walephera, ndipo wolakwa umamudziwa.

Chachitatu, muli phunziro la kudekha. Pa Tetris wa Nintendo, ukafufuta mzere umodzi pa gawo loyambirira umapeza mapointi 40, koma ukafufuta mizere 4 nthawi imodzi umapeza 1200. Tsono wosewera amasiya mpata m'mphepete nkumadikira kanjerwa katali kaja. Kakachedwa, mulu umakwera. Apa mpofunika nzeru: kodi ndidikirebe, kapena ndilandire zochepa kuti ndipulumuke? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, komabe wodekha mopitirira amakwiririka.

Kuvuta kwake nako si kwamasewera. Pa gawo la 29 kanjerwa kamachoka pamwamba kufika pansi m'nthawi yosakwana theka la sekondi. Kwa zaka zambiri anthu ankati pamenepo mpamathero. Kenaka osewera ena adatulukira njira yogogoda kunsi kwa chipangizo chowongolera ndi zala zingapo motsatizana, kuti batani lidinike mofulumira koposa. Njira imeneyi ndiyo idathandiza Gibson. Mu October 2024 mnyamata wina, Michael Artiaga, adapyola gawo la 255 mpaka masewerawo adabwerera poyambira. Apa tikuona kuti chimene anthu amachitcha chosatheka nthawi zina chimangofuna njira yatsopano.

Tsono makolo ena anena kuti, "Zonsezi nzabwino, koma kodi mwana wanga adzakhoza nazo mayeso a MSCE?" Funso limeneli nloona ndipo sitingalizembe. Yankho ndi lakuti ayi. Katswiri wa Tetris ndi katswiri wa Tetris basi. Masamu amafuna kope ndi pensulo. Ndiponso masewerawa ali ndi msampha: alibe mapeto enieni ngati a mpira, pamene oyimbira akaliza wezulo aliyense amapita kwawo. Ukagonja mtima umati, "Kamodzi kokha," ndipo kamodzi kameneko kamabala kena mpaka tambala kulira. M'chaka cha 2000 Robert Stickgold ndi anzake a ku Harvard adapeza kuti anthu amene adasewera Tetris kwa maola angapo ankaona tinjerwa tikugwa m'maso mwawo pamene tulo tinkawagwira. Nalo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, mu 2019 lidavomereza kuti kulowerera m'masewera a pa kanema mpaka kusiya ntchito zina zofunika ndi vuto la thanzi.

Nanga tichite chiyani? Kwa inu makolo ndi abambo athu otiyang'anira, pempho langa nlakuti musaike masewera onse m'dengu limodzi. Khalani pansi ndi mwana, muone chimene akusewera, mwinanso muyeseko. Amene amafuna ndalama kapena odzaza ndi kuphana ngosiyana ndi amene amafuna kuganiza. Kungolanda chipangizo osafotokoza kumaphunzitsa mwana kubisa. Mupatseni nthawi yake yosewera pa tchuthi, ntchito zapakhomo zikatha, ndipo nthawiyo ikakwana musabwerere m'mbuyo.

Kwa inu anzanga, muyeso wake ngwapafupi. Musanayambe, nenani nokha kuti musewera mphindi zingati. Belu likalira kapena amayi akaitana, kodi mutha kuzimitsa masewera ali pakati, mulu uli bwino, kanjerwa katali kakubwera? Ngati mungathe, seweranitu, palibe chochititsa manyazi. Koma ngati dzanja likukana, dziwani kuti chipangizocho chayamba kukulamulani. Chiperekeni kwa wamkulu akusungireni mpaka teremu ithe, pakuti mabowo amene timasiya m'maphunziro a Fomu 1 ndi Fomu 2 amatidikira ku Fomu 4, ndipo kumeneko nthawi yowakonza imachepa.