Nyali za panyanja zikutikhudza nafenso a kumapiri

Mukakwera phiri la Ntchisi m'mawa kunja kutacha bwino, mvula itatsuka fumbi, mumaiona nyanja ikunyezimira kum'mawa ngati lata latsopano. Ife a kuno timangoiyang'ana, kenaka n'kutsika kukapalira fodya wathu. Nkhani za sitima, madoko ndi mwera timati n'za anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Salima. Ine lero ndikuti ayi, abale anga, tikulakwitsa, ndipo aphungu athu akulakwitsa nafe limodzi.

Tiyambe ndi m'mbale. Usipa omwe amai amagula pa Mponela, pa Madisi kapena pa boma la Ntchisi sumera m'dimba. Pali munthu yemwe anagona pamadzi usiku wonse kuti inu mudyere nsima. Mwera ukavuta, asodzi osalowa m'madzi, kamulu ka pamsika kamachepa koma mtengo uli womwewo. Ndiye tinganene bwanji kuti nyanja si yathu?

Ndipo kale makolo athu ankalidziwa bwino khomo limeneli. Amishoni a Dutch omwe anatsegula Mvera mu 1889 ankalandirira katundu wawo kunyanja, ndipo nthawi ya atsamunda doko la Domira Bay ndilo linali khomo la Dowa, amtengatenga akukwera ndi kutsika mapiriwa ndi mitolo pamutu. Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, zinthu zinasintha, ife n'kuyamba kuifulatira nyanja pang'onopang'ono.

Tsono ntchito ya boma panyanja ndi yotani? Si kugula sitima kokha ayi. Pamsewu pali zikwangwani ndi mizere yoyera. Pamadzi napo pamafunika nyali zoonetsa polowera padoko usiku, zizindikiro zoyandama zochenjeza pomwe pali miyala kapena mchenga, mapu osonyeza kuya kwa madzi, ndi uthenga wa zanyengo wofika nthawi yabwino. Pamafunikanso anthu oyendera maboti kuti aone ngati ali bwino ndiponso ngati sakunyamula mopyola muyezo. Lamulo la za maulendo a pamadzi la 1995 lilipo, dipatimenti yoona za pamadzi ilipo, sukulu ya oyendetsa sitima ku Monkey Bay iliponso. Funso n'lakuti, kodi ntchito zimenezi timazipatsa ndalama zokwanira, kapena timazikumbukira pokhapokha maliro akagwa?

Nyanja yathuyi si thamanda. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 500, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, ikadali yatsopano, inamira pafupi ndi Chilumba kutauka namondwe, ndipo anthu 145 anafa. Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda mu 1951, inabwera m'malo mwa Vipya. Ngati chitsulo chachikulu chotere chinagonja, nanga kaboti kamatabwa kodzaza matumba ndi anthu?

Ndisakunamizeni, inenso izi sindinkaziganizira. Nditasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba, azakhali ananditenga kuti ndiziwathandiza geni ya usipa. Tsiku lina mwezi wa June tinakwera boti kuchokera pagombe lina kupita pomwe pamaima galimoto. Tinanyamuka mochedwa, mdima n'kutipeza pakati, mwera n'kuyamba. M'botimo munalibe chovala choyandamitsa ngakhale chimodzi. Kumtunda kunalibe nyali yoti n'kutilondolera. Woyendetsa ankangoyang'ana babu la pagolosale ina, akuti ndilo chizindikiro chake cha masiku onse. Ndinamufunsa kuti, "Nanga akulu, magetsi akazima?" Anangoseka n'kuti, "Ndiye muzipemphera, achimwene." Azakhali anagwira dzanja langa osalankhula mpaka tinafika. Usiku umenewo moyo wa anthu oposa 20 unali pa babu la munthu wogulitsa sopo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Iwe, ife kuno misewu yathu ndi yokumbika, milatho ikukokoloka, feteleza sitikumukwanitsa, ndiye ukutiuza za nyali za pamadzi?" Zoona, mavuto athu ndi ambiri, ndipo ine sindikuti tisiye kulira za misewu. Koma taganizani mofatsa. Nyali yoyendera dzuwa ndi chizindikiro choyandama mtengo wake sungafanane ndi wa kilomita imodzi ya tala. Chachiwiri, dziko lonse lapansi likudziwa kuti katundu wolemera amatchipa kunyamula pamadzi kusiyana ndi pamsewu. Doko la Chipoka, lomwe lili ndi njanji pakhomo, lili pafupi nafe kuposa Blantyre. Litamagwira ntchito mokwanira, malole ena olemera omwe amaswa misewu yathu akanachepa. Koma palibe wamalonda wanzeru yemwe angaike chuma chake m'sitima yoyenda mongopenekera.

Chinanso, nyanja siikhala malo amodzi. Zaka zina madzi amaphwa, sitima n'kumalephera kufika padoko. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Madzi akamasintha chonchi, mchenga nawo umasuntha, ndiye kuti mapu ndi zizindikiro zimafuna kuunikidwanso kawirikawiri. Ndipo anthu a kugombe akasowa pogwira, amathamangira kuti? Amakwera konkuno, kwa abale awo, poti takwatirana nawo ndipo ana athu ambiri ali ku Dwangwa kodula nzimbe.

Pempho langa n'lapafupi. Aphungu a ku Dowa ndi Ntchisi, pokambirana bajeti ku Nyumba ya Malamulo musamagone nkhani ya panyanja ikafika. Funsani nduna ya zamtengatenga kuti nyali zingati zikuyaka, zingati zinafa, ndipo zikonzedwa liti. Funsani kuti oyendera maboti ndi angati ndipo ali ndi choyendera kapena ayi. A zanyengo amalengeza ndithu za mwera pawailesi, tiwayamikire, koma uthengawo uzifika kwa mkulu wa pagombe lililonse m'chilankhulo chake, boti lisananyamuke. Ndipo inu amai a geni, musamaope kutsika m'boti lomwe ladzaza kale. Ndalama ya ulendo imabwerera, munthu sabwerera.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Azakhali anga amatsikirabe kunyanja mwezi ndi mwezi. Akachedwa kubwera, ine ndimakhala ndikufunsa mumtima ngati babu lija layaka.