Chikwanje si chokongoletsera pabalaza

Aneba anga agula chikwanje. Nkhani yotere sikanayenera kufika m'nyuzipepala, koma kasungidwe kake ndi kamene kandilankhulitsa. Chikwanjecho n'cha Tramontina, chowala mbee, kapepala ka kampani kakadali pomwepo. Loweruka lapitali mnyamata wawo anachitenga kukasadzira mango, utomoni n'kumata, vanishi wa pamwamba n'kukalika. Bambowo anakalipa mpaka nkhuku kubalalika pabwalo: "Iwe, wachiwonongeranji? Chinali chatsopanotu ichi!" Ine kuseri kwa mpanda ndinangoti, "Achimwene, mwanayo wakuyambirani ntchito yomwe inali yanu tsiku limene munachigula." Kuyambira pamenepo moni wawo wafupika.

Tiyeni tiuzane zoona. Kuwala kumene kuli pa chikwanje chatsopano si kwa chitsulo, n'kwa vanishi, ndipo vanishiyo anamupakira ulendo. Kampani ya Tramontina, yomwe inayamba mu 1911 m'tauni ya Carlos Barbosa, ili ku Brazil. Martindale, wa chizindikiro cha ng'ona chimene agogo athu ankachikhulupirira, ndi dzina la ku England. Katundu wochokera kutali chonchi amakhala milungu yambiri panyanja, m'chinyezi cha mchere, asanatsike ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenako n'kukagonanso m'sitolo. Chitsulo cha zikwanje n'cha mtundu umene umanoleka msanga ndi kuthwa bwino, koma suchedwa kugwira dzimbiri. Popanda chopaka, wasitolo akanamatsegula katoni n'kupeza zofiira zokhazokha. Ntchito ya vanishi imathera pa kauntala, pamene inu mwapereka ndalama.

Mukamusiya, amayamba kukuvutitsani. Utomoni wa mango, wa nkhadze ndi wa nthochi umamatirira pa iye, chikwanje n'kumakakamira mumtengo. Akakalika, madzi amalowa m'mikwingwirimamo n'kubisala pansi pake, pomwe chiguduli sichifika. Inu mukuona kuwala, pansi dzimbiri likudya mwakachetechete. Makolo anatha kale nkhaniyi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumuchotsa si ntchito ya injiniya. Khalani panja, kutali ndi mbaula ndi wosuta fodya, chifukwa thina ya amisiri opaka penti sicheza ndi moto. Nyowetsani kansanza ndi thinayo, pakani, dikirani pang'ono, ndipo mudzaona vanishi akufewa n'kumachoka ali nandanda, wachikasuchikasu. Wotsalira mumalizeni ndi sandipepa. Gonekani chikwanje pa thabwa, kuthwa kuloze kutali ndi mimba yanu, kulungani sandipepa pa kamtengo kuti zala zisayandikire kukamwa kwake. Yambani ndi ya nambala 120, bwerani pa 220, malizani ndi 400; nambala ikamakula, mchenga wake umachepa ukali. Khulani motsata utali wa chikwanje, mbali imodzi, osati mozungulirazungulira. Chimene chidzatuluke ndi chitsulo chenicheni, chotuwa, chosalala pochigwira.

Apa ndiime kaye, ndidandaule za anyamata a makina onolera m'misika yathu. Munthu umapereka chikwanje chako, iye n'kuchikanikiza pa gudumu, moto thethethe, anthu n'kumaombera m'manja. Akamakubwezera, m'mphepete mwake mwachita buluu. Buluu ameneyo si ulemerero. Chitsulo chimasintha mtundu chonchi chikatentha kufika pafupifupi madigiri 300, ndipo pamenepo kulimba kumene anachipatsa ku fakitale kwayamba kuthawa. Mudzadula nacho tsiku limodzi, mawa chabuntha, mubwererenso kwa yemwe uja ndi ndalama ina. Tupa ndi mwala wonolera wothira madzi zimachedwa, inde, koma sizipsereza. Nanga tikuthamangira kuti?

Mukatha kunola, chitsulo chili pamtunda, chikufuna chovala china. Ena amachipaka mandimu kapena viniga, n'kuchisiya kanthawi, n'kutsuka ndi kupukuta. Chimada pang'ono, ndipo kudako kumachedwetsa dzimbiri lofiira lija. Kenako timafuta pang'ono. Ngati n'chakumunda kokha, oyilo aliyense achita. Koma ngati ndi chomwecho chimene mumasendera nzimbe ndi kudulira mbuzi pa Khirisimasi, chonde oyilo wakuda wa m'galimoto ayi. Pakani mafuta ophikira mopyapyala, ndipo muzibwereza mukachigwiritsa ntchito. Osula a kumudzi, amene amapanga zikwanje ndi masipulingi a galimoto zakufa, sanapakepo vanishi chiyambire. Chikwanje chawo chimatuluka chakuda bii, mwini wake amachipukuta akaweruka n'kuchisomeka kudenga la khitchini kumene utsi umachiumitsa, ndipo chimafika kwa adzukulu chitangowonda ndi kunoledwa.

Vuto la aneba anga si lawo okha, ndipo inu owerenga mukudziwa. Ndife anthu okonda chikutiro kuposa chokutidwa. Sofa inagulidwa zaka zapitazo, koma pulasitiki ikadali pompo, alendo akungoterereka ndi thukuta mwezi wa Okutobala. Rimoti ili m'kajumbo komangidwa ndi mphira. Galimoto yabwera kuchokera ku Japan kalekale, zolemba za choko zikadali pagalasi kuti anthu adziwe kuti ndi yolowa kumene. Jekete la suti likupita ku ukwati ndi kansalu ka dzina la kampani padzanja, kamene telala akanakasomola ndi lumo mosataya nthawi. Timafuna chinthu chizioneka chatsopano, koma kuchisamala kwenikweni, kupukuta, kudzoza, kunola, kumeneko timati tilibe nthawi. Pulasitiki ndiye waganyu wathu.

Nyengo yososa ikafika, tchire silifunsa kuti chikwanje chanu n'chowala bwanji. Chotsani vanishiyo, nolani, dzozani, pitani kumunda. Ndipo inu amene mumabwereka zikwanje za anzanu n'kukadulira waya, n'kubweza usiku zili ndi matope ndi magweru, mukuzitsamiritsa pakhomo osagogoda, musaganize kuti ndakuiwalani. Nkhani yanu ndi ya sabata yamawa.