Alekeni akangane, ife tiwelenge mapepala awo

Ku Netherlands kuli kampani ya Lely, ku Sweden kuli DeLaval. Onse amapanga makina okama ng'ombe popanda dzanja la munthu, ndipo kwa zaka zambili akhala akutsutsana pa ma patent ku European Patent Office. Ine mkangano wotele nimaukonda.

Ma sensa a m'makinawa ali na nchito yaikulu. Ng'ombe ikadwala mastitis, matenda otupitsa bele, mcele umaculuka mu mkaka, ndipo mkaka wotele umapititsa magetsi mosavuta. Sensa imayeza zimenezi pa nsonga iliyonse mwa nsonga zinayi za bele. Ina imayang'ana mtundu wa mkaka kuti ione ngati muli magazi. Mkaka woipa umapatutsidwa usanafike m'thanki.

Patent ni cipangano: boma likupatsa zaka 20 zakuti wina asakopele cimene wapanga, iwe uulula poyela mmene cimagwilila nchito. Vuto limayamba kampani ikalemba malile otakata, ngati munthu wogula puloti imodzi koma waya wake wazinga na msewu womwe. Zakuti mastitis imaonjezela mcele mu mkaka si za munthu aliyense. Kacipangizo kako koyezela ndiko kako, basi. Ku Europe aliyense angatsutse patent m'miyezi 9 ikangopelekedwa, ndipo ingafafanizidwe, ingacepetsedwe, kapena kusiyidwa mmene ilili.

Ena adzati iyi ni ndeu ya olemela, ndipo ndalama za maloya zimabwela pa mtengo wa makina. N'zoona. Koma ndani wina angakwanitse kukankha waya uja? Mlimi wa ng'ombe 60 sangathe, olo akhale wa ku Netherlands. Amene ali na ndalama komanso cifukwa ni mdani wa pa msika. Akagwilizana mwakacetecete, m'pamene tiyenela kuda nkhawa.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Kumalo osonkhanitsila mkaka, monga ku Monze, mkaka umayezedwa na lactometer kuti aone ngati wathilidwa madzi, na alcohol test kuti aone ngati wayamba kusasa. Mlimi amamva nkhani yoipa atapalasa kale njinga mtunda wonse. Kacipangizo kochipa koyezela pakhola pomwe kangamuthandize.

Patent ya ku Europe ilibe mphamvu kuno pokhapo ngati inalembetsedwanso kudzela ku PACRA kapena ARIPO. Cina, makina oyamba a Lely anayamba nchito mu 1992, kutanthauza kuti ma patent a zaka zimenezo anatha kale. Ali pa Espacenet, na zojambula zake, ndipo kuwelenga n'kwaulele. Uwononga cabe ma bundle.

Sikuti zonse n'zophweka. Kuyeza mcele kokha kumanamiza nthawi zina, ndiye cifukwa makampani anaonjezela ma sensa ena. Koma wophunzila zamagetsi ku CBU kapena ku NORTEC amene akusakila pulojekiti ya caka comaliza angayambile pamenepo: mawaya awili, kakapu ka mkaka, na mlimi mmodzi wolola kuti ng'ombe zake ziyezedwe.