Tisalire maliro a disiki isanafe

Pa tchuthi chapitachi, mnzathu wina wa chaka chomaliza, yemwe kwawo ndi pa boma la Nkhata Bay, anapita ndi laputopu yake kwa wokonza makompyuta. Inkachedwa kuyaka, ndipo ankafuna kuti amuikire Windows 11. M'kati mwake munali kafukufuku wa miyezi inayi: mayankho a amayi ogulitsa usipa amene anacheza nawo kugombe, zithunzi, ndi mitu itatu ya lipoti lake. Wokonzayo analowetsa flashi n'kuyamba ntchito. Atafika pamene kompyuta imafunsa malo oikapo Windows, mndandanda unali wopanda kanthu, pansi pake pali mawu a Chingerezi akuti "We couldn't find any drives". Chigamulo chinatuluka pomwepo: "Achemwali, hadi disiki yanu yafa. Mukagule ina."

Mnzathuyo anakwera minibasi ya ku Mzuzu, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa M5, n'kukagula disiki yatsopano ndi ndalama zimene makolo anamusungira za fizi. Atabwerera, disiki yatsopanoyo nayonso sinaoneke. Chigamulo chinasintha: akuti bodi yapsa. Anakhala masabata awiri tulo osaluona, mpaka mphunzitsi wina wa kusekondale, woyandikana naye nyumba, anapempha kuti aione. Anabwezeramo disiki yakale ija, laputopu n'kuyaka monga kale, mafayilo onse ali momwemo. Anayamba wawakopera pa flashi, kenaka anatsitsa kapulogalamu kakang'ono pa intaneti ya pafoni, ndipo Windows 11 inalowa madzulo omwewo.

Ife tikuti vuto la mnzathuyu silinali la disiki. Linali la chizolowezi chimene chafala pakati pathu, ophunzira ndi okonza omwe, chogamula tisanafufuze. Kompyuta ikati sikuona disiki, sinanene kuti disiki yafa. Kusiyanitsa mawu awiriwa kungapulumutse fizi ya munthu ndi ntchito yake ya chaka chonse.

Kuti timvetse, taganizirani namwino wochokera ku Mulanje amene wangotumizidwa kumene kuchipatala cha Nkhata Bay. Gogo wa ku Chintheche akufotokoza matenda ake m'Chitonga, namwino sakumva. Kodi alembe kuti wodwalayu salankhula? Ayi, aitane womasulira. Mu kompyuta, womasulirayo ndi kapulogalamu kotchedwa dalaivala. Pulogalamu yoika Windows imabwera ndi madalaivala ambiri, koma osati onse. Malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11, imene inatuluka mu 2020, komanso ya mibadwo yotsatira, amadutsitsa disiki panjira yotchedwa VMD. Ngati pa flashi palibe dalaivala wa Intel Rapid Storage Technology, mndandanda umatuluka wopanda kanthu ngakhale disiki ili bwinobwino. N'chifukwa chake disiki yatsopano ya mnzathu uja sinaonekenso. Anasintha wodwala, pamene chosowa chinali womasulira.

Vutoli si lachilendo. Amene anagwiritsapo ntchito Windows XP akukumbukira kuti inkakana kuona madisiki a SATA pamakina ambiri, mpaka munthu asindikize F6 n'kuipatsa dalaivala wa pa flope. Windows 7 inapangidwa madisiki a NVMe asanafale, ndiye payokha siwadziwa. Nayonso Ubuntu, ikapeza kompyuta yotcheredwa pa RST, imapempha kuti muyambe mwasintha zimenezo. Chimene chasintha lero n'chakuti anthu ambiri akuika Windows mwatsopano nthawi imodzi, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Ambiri a ife tili ndi malaputopu a kaunjika kapena otumiziridwa ndi achibale a ku Johannesburg, opanda mapepala ake, ndipo sitidziwa chimene chili m'kati mwake. Choncho nkhani ngati ya mnzathuyi zichuluka.

Sitikunena kuti aliyense akhale katswiri. Tikunena kuti pali mafunso amene ayenera kufunsidwa motsatana, ndipo wophunzira wa pakoleji angathe kuwafunsa.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi mafayilo anga ali kwinanso? Munthu asanayambe kuika Windows, zonse zofunika zikopedwe. Ngati kompyuta yakaniratu kuyaka, disiki ikhoza kuchotsedwa n'kuikidwa m'kabokosi kolumikiza pa USB, n'kuwerengedwa pa kompyuta ina. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, pafunika kiyi wa manambala 48, amene nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Mupezeni ntchito isanayambe.

Funso lachiwiri: kodi BIOS ikuiona disiki? BIOS ndi malo amene kompyuta imasungako makonzedwe ake Windows isanadzuke. Mumalowamo posindikiza batani kompyuta ikangoyaka: kawirikawiri F2 pa Dell ndi Acer, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Dzina ndi kukula kwa disiki zikaoneka mmenemo, ndiye kuti disikiyo ikuyankha, ndipo woyamba kumukayikira ndi dalaivala. Tengani dalaivala wa laputopu yanu patsamba la kampani imene inaipanga, muike pa flashi, ndipo pofika pamndandanda wopanda kanthu uja sankhani "Load driver". Njira ina ndi kuzimitsa VMD kapena kusintha makonzedwe a disiki kuti akhale pa AHCI. Koma apa pafunika kusamala: mukasintha zimenezi, Windows yakale imene ili pa disikiyo ikhoza kukana kuyaka mpaka mutabwezera monga zinalili. Jambulani ndi foni musanasinthe kalikonse.

Funso lachitatu: nanga ngati BIOS sikuiona? Apabe musathamangire kumanda. Disiki ikhoza kukhala kuti yangosuntha pamalo pake, makamaka laputopu ikamayenda m'chikwama pa minibasi kapena pa Ilala kupita ku Likoma. Wokonza aichotse, aibwezere bwino, ayesenso pa kompyuta ina. Ndipo ngati mukugula yatsopano, dziwani kuti madisiki a M.2 alipo a mitundu iwiri, SATA ndi NVMe. Amafanana maonekedwe, koma si laputopu iliyonse imene imalandira mitundu yonse iwiri.

Funso lachinayi: kodi flashi yoikira Windows inachokera kuti? Maflashi ambiri oyenda m'manja mwa anthu ali ndi Windows yakale, kapena yodulidwadulidwa ndi anthu osadziwika kuti ipepuke. Microsoft imapereka ulere pulogalamu yotchedwa Media Creation Tool, yopangira flashi yatsopano ya 8GB kapena kuposerapo.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha kuti musachilole mwachisawawa. Okonza ena disiki ikavuta amathamangira kulemba lamulo lakuti "clean" mu diskpart, kapena kufufuta zigawo zonse za disiki. Zimenezi zimachitika m'kamphindi, ndipo pambuyo pake mafayilo anu saonekanso. Kuwabweza n'kovuta, ndipo nthawi zina n'kosatheka. Munthu akanena kuti "tingoifomata", funsani kuti: mafayilo anga mwaika kuti?

Ena ati tikuwalakwira okonza. Tiyeni tinene chilungamo. Ambiri a iwo anaphunzira ntchitoyi poonera anzawo, ndipo amatithandiza kwambiri pamtengo umene tingaukwanitse. Kutsitsa Windows 11, imene imaposa 5GB, kumadya bando, ndipo magetsi akazima pakati ntchito imayambiranso. N'zosadabwitsa kuti munthu amakakamira flashi imodzi imene inamugwirira ntchito zaka zisanu. N'zoonanso kuti madisiki amafadi. Nkhata Bay ndi dera la mvula yambiri ndi chinyontho, ndipo disiki yakale yozungulira ija ikayamba kulira kuti ke-ke-ke, masiku ake atha. Sitikukana zimenezi. Koma dokotala wabwino sanena kuti munthu wamwalira asanamugwire mtsempha. Kuyang'ana mu BIOS sikudya bando ndipo sikutha mphindi zisanu. Wokonza amene angamuonetse kasitomala kuti "onani, apa disiki yanu sikuoneka, ndayesanso pa makina ena yakana" sataya kanthu. Amapeza kasitomala wobweranso mawa, atatenga mnzake.

Enanso ati wophunzira wa zaunamwino, zaulimi kapena zamaphunziro alibe nazo ntchito za BIOS, ndipo akayamba kugwiragwira awononga zambiri. Mantha amenewa ndi omveka. Koma kufunsa si kugwiragwira. Mayi wogula mankhwala a mwana amafunsa kuti amwe kangati ngakhale sanaphunzire zachipatala. Chimene chinamupweteka mnzathu uja ndi manyazi. Laputopu yake inali itayaka m'mawa womwewo, ndipo mumtima ankadabwa kuti disiki yakufa ingayatse bwanji Windows, koma anaopa kuoneka wosadziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tili ndi pempho kwa akuluakulu a koleji yathu. Phunziro la makompyuta la chaka choyamba limatiphunzitsa Word ndi Excel, ndipo tikuthokoza. Tikupempha kuti muwonjezeremo tsiku limodzi loti aliyense abwere ndi laputopu yake, alowe mu BIOS, alembe mtundu wa disiki yake, apeze kiyi wake wa BitLocker, ndipo aphunzire kusunga mafayilo pamalo awiri. Kulabu kukhale flashi yopangidwa mwatsopano teremu iliyonse, yokhala ndi madalaivala a malaputopu amene ambiri tili nawo. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Anzathu ophunzira zamakompyuta angathe kuyendetsa ntchitoyi, ndipo akapita kutchuthi akagawane nzeruyi ndi okonza akwawo, mwaulemu, monga anthu a ntchito imodzi.

Kwa ife ophunzira, lipoti la kafukufuku lisagone pamalo amodzi. Google Drive imapereka 15GB zaulere, ndipo mitu itatu ya lipoti imakwana mu imelo imodzi yodzitumizira wekha. Mnzathu uja anapereka lipoti lake pa nthawi yake, koma fizi ya teremu inaperewera, ndipo disiki yatsopano ija ikadali m'chikwama, akufunafuna woigula. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musanatseke magazini ino, dzifunseni kuti ntchito yanu ya teremu ino ili pamalo angati. Ngati yankho ndi amodzi, ikopereni lero.