Musaope zilembo zofiira, opani script yomwe yakhala chete

Pali bodza limene timauzana tikayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, loti script yabwino ndi imene yayenda mpaka kumapeto popanda kutulutsa zilembo zofiira. Ikangoyenda timadziwombera m'manja, timajambula sikirini n'kuponya pagulu la WhatsApp la kalasi. Ine ndikutsutsa. Zilembo zofiira zija zili ngati mnzako amene wakugwira mkono usanaponde njoka. Script yoopsa ndi imene yayenda bwinobwino, yatulutsa nambala yooneka yaulemu, pomwe nambalayo ndi yabodza. Ndipo kwathu kuno, chifukwa cha mmene timalembera mayina, ndalama ndi madeti, script zabodza zotere n'zosavuta kulemba kuposa mmene ambiri amaganizira.

Kwa amene simuli m'munda uno, script ndi kapulogalamu kakafupi kamene munthu amalemba kuti kamugwirire ntchito imodzi yotopetsa, monga kuwonkhetsa ndalama kapena kusanja mayina. Ambiri a ife timayambira pa Python, chinenero chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991.

Kwathu ndi ku Mphunzi, ku Dedza. Anthu akutali amatidziwa chifukwa cha zojambula zakale za pamiyala, zimene zili mbali ya dera la Chongoni lomwe UNESCO inalilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, lokhala ndi malo 127 a zojambulazo. Koma moyo wa tsiku ndi tsiku kumeneko ndi kachewere, nyemba, chimanga ndi banki mkhonde. Msuweni wanga, yemwe wangomaliza Fomu 4, anapeza laputopu yakale n'kuyamba kudziphunzitsa Python. Mayi ake, omwe ndi azakhali anga, ndi mlembi wa gulu la amayi 24 a banki mkhonde, ndipo Disembala aliyense amakhala masiku angapo akuwonkhetsa masheya m'kope kuti gulu ligawane ndalama. Mnyamatayu anati awapeputse. Anatayipa zonse za m'kope mu fayilo, analemba script, ndipo script inayenda osadandaula. Inati gulu lasonkha K1,615,000. Kope la azakhali linkati K1,840,000.

Taganizani zimene zikanachitika nambala ya kompyutayo ikanafika pamsonkhano. Kumudzi kompyuta imalemekezedwa kuposa bolopeni. Palibe akananena kuti script yalakwa. Akananena kuti mlembi wawonjezera masheya a anzake, kapena msungichuma ali ndi K225,000 yosadziwika bwino. Anthu amasiya kupatsana moni pa ndalama yochepa kuposa imeneyi.

Vuto linali mizere iwiri yokha. Poyamba script inkakuwa kuti ValueError ikafika pamene panalembedwa "K25,000" m'malo mwa 25000, chifukwa Python singasandutse chilembo K ndi koma kukhala nambala. Mnyamatayu atatopa ndi kukuwako, anapeza pa intaneti mankhwala otchuka: kukulunga khodi mu try, kenako except, kenako pass. Tanthauzo lake n'lakuti ukakumana ndi vuto, khala chete, pitirira. Script inamvera. Mizere 9 ya K25,000 inadumphidwa mwakachetechete. Analidi atathetsa zilembo zofiira, monga munthu amene wachotsa batire mu wotchi kuti asachedwe.

Ndiye mfundo yanga yoyamba ndi iyi: woyamba kumene asaphunzitsidwe except pass asanaphunzitsidwe kuwerenga uthenga wa vuto. Uthengawo suvuta. Umawerengedwa kuchokera pansi. Mzere womaliza umatchula mtundu wa vuto, ndipo pamwamba pake pali dzina la fayilo ndi nambala ya mzere pomwe zavutira. Ndaona anzanga m'kalasi akutseka windo msangamsanga zilembo zofiira zikangotuluka, ngati aona maliro, kenako n'kuyamba kusintha khodi mwachisawawa. Chonsecho Python yawauza kale kuti pitani pa mzere 14.

Mavuto okuwa ambiri ndi omwewomwewo ndipo safuna nthawi. IndentationError kapena TabError ndiye kuti mipata ya kumayambiriro kwa mizere yasokonekera, nthawi zambiri chifukwa chosakaniza tab ndi space. Mukakopera khodi yakale yolemba print popanda mabulaketi, imeneyo ndi Python 2, imene inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020. Mukatcha fayilo yanu csv.py kapena random.py, Python imatsegula yanuyo m'malo mwa yake, ndipo mungathe tsiku lonse mukufufuza mfiti. Windows ikati sikumudziwa python, mwina simunachonge kabokosi ka PATH poikamo. Zonsezi zimakwiyitsa, koma sizinamiza munthu.

Ndikufuna ndikhalitse pa mavuto amene ndi athuathu.

Tiyambe ndi mayina. Ng'oma, Ng'ambi, M'bwana. Kachizindikiro kali pakati pa mayinawa ndi komwe Python ndi SQL amagwiritsa ntchito potsegula ndi kutseka mawu. Mukalumikiza dzina lotere mwachindunji m'funso la SQL, database imaona ngati dzina lathera pa Ng, ndipo zotsalazo imazitenga ngati lamulo losamveka. Khomo lomweli ndi limene akuba amalowera m'mawebusayiti, choncho amene waphunzira kuika funso ndi dzina padera, kudzera mu kachizindikiro ka ? mu sqlite3, waphunziranso chitetezo osadziwa. Koma pali lina lachete. Word ndi makiyibodi ena a pafoni amasintha kachizindikiro kowongoka kukhala kopindika. Kwa diso la munthu Ng'oma ndi Ng’oma ndi mayi mmodzi. Kwa kompyuta ndi amayi awiri, aliyense ndi masheya ake ochepa. Onjezerani mpata wotsalira kumapeto kwa dzina, onjezerani zilembo zazikulu ndi zazing'ono, gulu la anthu 24 likhoza kutuluka ndi anthu 30. Ngakhale malo athu otchuka sathawa: phanga lija la pafupi ndi Dedza ena amalemba Chentcherere, ena Chencherere. Amene angawerenge alendo ndi script, awerenga mapanga awiri. Mankhwala ake ndi akale: membala aliyense akhale ndi nambala yake, ndipo script izitsata nambala, dzina lizingoperekeza.

Kenako chilembo ŵ, cha mu Malaŵi. Pa makompyuta ambiri a Windows, Python ikatsegula fayilo popanda kuuzidwa encoding imagwiritsa ntchito cp1252, mndandanda wa zilembo wopangidwira zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, momwe ŵ mulibe. Polemba, script imakuwa kuti UnicodeEncodeError. Powerenga fayilo ya UTF-8 siyikuwa n'komwe, imangokupatsani MalaÅµi. Kulemba encoding="utf-8" nthawi iliyonse mukatsegula fayilo kumathetsa zonsezi, koma ndani anatiuza m'chaka choyamba?

Pali china chimene chimandiseketsa. Mu Python, kamzere kopendekera kumbuyo kakatsatana ndi n kamatanthauza mzere watsopano, kakatsatana ndi t kamatanthauza tab. Ndiye Mmalawi wosalakwa amatsegula foda n'kuitcha ndalama, fayilo n'kuitcha thumba, n'kulemba "C:\ndalama\thumba.csv". Python imadya n ndi t, n'kukana kutsegula fayiloyo. Mawu athu oyamba ndi n ndi t ndi ochuluka: nyumba, nsomba, ntchito, tchalitchi. Ikani r patsogolo pa mawuwo kapena gwiritsani ntchito kamzere kopendekera kutsogolo, nkhani yatha.

Manambala a foni ndiye amapweteka. Athu amayamba ndi 0, monga 088 ya TNM ndi 099 ya Airtel. Mukawasandutsa nambala yeniyeni, mu Python kapena mu Excel, ziro woyambayo amagwa. Mukawalemba ndi 265 kutsogolo amakwana manambala 12, ndipo Excel imawaonetsa mwachidule ngati 2.65889E+11. Mukasunga fayilo ya CSV ali choncho, manambala a kumapeto apita, sabweranso. Nambala ya foni ndi dzina lolembedwa ndi manambala. Palibe amawonkhetsa mafoni awiri, ndiye isungidwe ngati mawu.

Madeti nawo. Ife 03/04/2025 timati 3 Epulo. Ku America ndi 4 Malichi, ndipo pandas, chida chimene ambiri timathamangira, chimayamba ndi mwezi mukapanda kuchiuza. Pa ngongole ya banki mkhonde yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, kusinthana kumeneku ndi mwezi wathunthu womwe mayi wina alipire asanakongole.

Wina anena kuti izi ndi zibwana za ana oyamba kumene, akatswiri sagwa nazo. Mu 2020, pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala, bungwe la Public Health England linaphonya anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 pa ziwerengero zake. Zotsatira za kuyezetsa zinkalowetsedwa m'mafayilo a Excel a mtundu wakale wa XLS, umene sudutsa mizere 65,536. Mizere yopitirira pamenepo inkangotayika, ndipo anthu amene anakhudzana ndi odwalawo sanafufuzidwe m'nthawi yake. Chaka chomwecho akatswiri otchula mayina a majini a munthu analengeza kuti anasintha mayina ngati MARCH1 ndi SEPT1 chifukwa Excel inkawasandutsa madeti. Kusiyana kwa akuluakuluwa ndi msuweni wanga ndi kukula kwa fayilo basi.

Ndikudziwa chimene anzanga ambiri akuganiza: bwanji kuvutika, pomwe ChatGPT ndi anzake amakonza khodi m'masekondi? Sindikana, amathandiza, ndipo pofotokoza tanthauzo la uthenga wa vuto amaposa mabuku ena. Koma makinawa amayankha funso limene mwafunsa. Mukati ndichotsereni ValueError, akhoza kuichotsadi. Sadziwa kuti m'kope la azakhali muli K1,840,000, ndipo vuto lachete simungalifunse chifukwa simukudziwa kuti lilipo. Komanso taganizirani zimene mukumata m'menemo: mayina a amayi a m'mudzi, mafoni awo, ndi ngongole zimene ena amuna awo sazidziwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, ulemu wamba ukuti sinthani mayina musanafunse. Pezani mizere itatu yopeka imene ikubweretsa vuto lomwelo. Nthawi zambiri mukamaidula choncho, vutolo mumaliona nokha musanawononge bandulo.

Chimene chinapulumutsa gulu lija ndi luso limene silili mu silabasi: kukhala ndi yankho lodziwika kale n'kuyerekeza. Azakhali anangoti, "Iwe, makina akowa sanawerenge bwino, bwerezanso." Iwo anakhulupirira kope lawo. Ife a ku yunivesite tikanakhulupirira sikirini. Script iliyonse yogwira ndalama kapena anthu iyenera kunena yokha kuti ndawerenga mizere ingati, ndagwiritsa ingati, ndadumpha iti ndipo chifukwa chiyani. Iyesedwe kaye pa anthu asanu omwe mwawawerengera pamanja. Ndipo isalembe pamwamba pa fayilo yoyambirira, chifukwa kutsegula fayilo ndi "w" kumafufuta zonse zili m'menemo nthawi yomweyo. Magetsi akazima kapena batire lakale likafa script ili pakati, mumatsala ndi fayilo yopanda kanthu.

Apa ndi pomwe ndili ndi mangawa ndi mmene timaphunzitsidwira. Ntchito za m'kalasi zimabwera ndi data yosambitsidwa kale: John, Mary, Peter, zaka 20, 21, 22. Palibe Ng'ambi, palibe K, palibe bokosi losiyidwa lopanda kanthu chifukwa mayi anapita kumaliro sabata imeneyo. Malikisi amaperekedwa pa pulogalamu yoyenda. Ine ndikanakonda mayeso amodzi pa semesita akhale otere: mphunzitsi apereke script yoyenda bwino koma yotulutsa yankho lolakwika, pamodzi ndi chithunzi cha tsamba la kope lenileni lolembedwa pamanja, mayina atasinthidwa, n'kunena kuti pezani pomwe ndalama yathawira. Ophunzira angadandaule sabata yoyamba. Koma ntchito zimene zikutidikira m'zipatala, m'makhonsolo ndi m'makopaletivu a alimi n'zoterezi, zosamutsa za m'makaundula kupita m'kompyuta.

Aphunzitsi akumbukirenso kuti ambiri a ife tchuthi timakathera kumalo ngati Mphunzi, komwe netiweki imafuna uyime pamalo oyenera ndipo bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Malangizo oti "ingopangani pip install" ndi a anthu a m'tauni. Zilipo njira zimene bwenzi tikuphunzitsidwa sabata yoyamba. Lamulo la pip download limakokera zida zonse mu foda ukakhala pa intaneti yabwino, n'kukaziika kumudzi kuchokera pa fulashi, bola Python ndi mtundu wa kompyuta zikhale zofanana. Mabuku ofotokoza Python amakopereka athunthu n'kumawerengedwa popanda intaneti, ndipo help() ali kale m'kati mwa Python. Git, imene Linus Torvalds analemba mu 2005, imasunga mbiri ya khodi yanu pa laputopu pomwepo, siyifuna GitHub kuti igwire ntchito. Ndipo pa ntchito ya gulu la amayi 24, zida za csv ndi sqlite3 zimene zimabwera ndi Python n'zokwanira, palibe chifukwa chothera bandulo pokoka pandas.