Mabolodi Akale a M'mafakitale Asatayidwe Msanga

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, akuluakulu oyang'anira maulendo mu mzinda wa San Francisco ku America anavomereza pangano la madola 212 miliyoni ndi kampani ya Hitachi Rail, kuti ichotse makina akale olamulira kayendedwe ka sitima za mumzindamo ndi kuikamo atsopano. Makina akalewo anaikidwa m'chaka cha 1998, ndipo kufikira nthawi ya panganolo anali kutengabe malangizo awo pa timbale ta floppy, timene ana a sukulu a masiku ano sanationepo ndi maso. Sitima zinali kuyenda ndithu tsiku ndi tsiku. Chimene chinakalamba ndi kompyuta yozilamulira.

Nkhaniyi ndi yakutali, koma vuto lake limapezeka paliponse pamene pali makina aakulu, pakuti chitsulo chimakhalitsa pamene pulogalamu ya kompyuta sikhalitsa. Makina opangira magetsi a pa Nkula A, pa mtsinje wa Shire, anayamba ntchito m'chaka cha 1966 ndipo anatumikira zaka 50 asanakonzedwe kwakukulu, ntchito imene inatha mu 2018. Koma kampani ya Microsoft inaleka kusamala Windows XP mu Epulo 2014, zisanakwane zaka 13 chitulukire, ndipo mu Okutobala 2023 inalekanso Windows Embedded Compact 2013, yomaliza pa mtundu umene unapangidwira makina a ntchito. Tsono mwini fakitale achite chiyani pamene makina ake ali amphamvu, koma pulogalamu yowayendetsa yasiyidwa ndi eni ake? Njira imodzi imene amisiri a m'maiko ambiri atsata ndiyo kuika pulogalamu yaufulu pa mabolodi akalewo. Njirayi ndi yabwino ndipo iyenera kuyamikiridwa, koma munthu aidziwe bwino asanaikhulupirire.

Mabolodi Amenewa Ndi Otani?

Kompyuta ya m'fakitale siifanana ndi ya pa desiki ya kalaliki. Kawirikawiri imakhala kabolodi kopyapyala kodzaza ndi tizipangizo ta magetsi, kotsekeredwa m'bokosi lachitsulo, kopanda galasi loonerapo ngakhale mabatani olembera. Ntchito yake imakhala imodzi kapena ziwiri, monga kuyesa kutentha, kutsegula mpope kapena kuimitsa injini, ndipo imachita zimenezi usana ndi usiku m'fumbi ndi m'kutentha.

Pali mitundu iwiri yodziwika kwambiri. Woyamba ndi VME, umene kampani ya Motorola pamodzi ndi anzake anaukhazikitsa m'chaka cha 1981, ndipo mabolodi ake amalowetsedwa m'kabati yachitsulo monga mabuku pa shelefu. Wachiwiri ndi PC/104, umene malamulo a kapangidwe kake anatuluka mu 1992. Bolodi la mtundu umenewu ndi la mamilimita 90 mbali ina ndi 96 mbali inayo, lili ndi timano 104 tolumikizira, ndipo mabolodiwo amasanjikizana monga mbale. Ambiri akale a PC/104 anali ndi purosesa ya Intel 386, imene inatuluka mu 1985, kapena ya 486 ya mu 1989. Kampani ya Intel inapitiriza kupanga mapurosesa awiriwa mpaka 2007, patapita zaka zambiri atachoka m'maofesi, popeza opanga makina anali kuwafunabe.

Ufulu ndi Ulere

Pamwamba pa bolodi lotere pamakhala pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene mapulogalamu ena onse amadalira. Ikakhala ya kampani, malemba amene inalembedwa nawo amabisidwa, kotero kuti palibe wina angaikonze koma mwini wake yekha. M'chaka cha 1983 Bambo Richard Stallman a ku America anayamba ntchito ya GNU pofuna kuthetsa chinsinsi chimenechi. Mu 1991 Bambo Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba Linux pa kompyuta ya 386, ndipo mu 1992 anaiika pansi pa chilolezo cha GPL. Chilolezocho chimati aliyense ali ndi ufulu wowerenga malembawo, kuwasintha ndi kuwagawira ena, ndiponso kuti wogulitsa makina okhala ndi pulogalamuyo ayenera kupereka malemba ake kwa wogula.

Popeza mabolodi a PC/104 ndi abale a kompyuta wamba, Linux inakhazikika pa iwo mosavuta. Palinso FreeDOS, imene Bambo Jim Hall anayamba mu 1994, yoyendetsa mapulogalamu akale a MS-DOS. Palinso NetBSD ya mu 1993, imene potulutsa mtundu wake wa 10.0 mu 2024 inaphatikizamo mabolodi a VME a Motorola, monga MVME147 ndi MVME167, ngakhale kuti ndi akale kwambiri.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mmisiri angathe kuwerenga malembawo ndi kupeza pamene pali cholakwa. Angathe kusoka chigamba payekha osadikira kalata yochokera kutsidya kwa nyanja. Angathenso kuchotsa zonse zosafunika kuti pulogalamuyo ikwane m'bolodi la malo ochepa. Ndipo ngati kampani imene inapanga bolodilo yatha kapena yagulidwa ndi ina, malembawo amatsala m'manja mwa mwini makina. Kunena zoona, uwu ndi mwayi waukulu kwa aliyense amene amagula makina ndi ndalama zakunja.

Komabe chinenero chino chili ndi mawu awiri amene sayenera kusokonezedwa, ufulu ndi ulere. Pulogalamu yaufulu imapezeka popanda kulipira chilolezo, koma kuisamala kumafuna anthu ophunzira, nthawi ndi malipiro. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Zimene Otsutsa Amanena

Pali anthu amene amati njira imeneyi ndi yongochedwetsa tsoka, ndipo mfundo zawo ziyenera kumvedwa mwachilungamo.

Poyamba amati nawonso olemba mapulogalamu aufulu amatopa ndi zakale. Izi ndi zoona. Mu Disembala 2012 osamala Linux anachotsamo purosesa ya 386, yomwe Linux inabadwirapo, ndipo mtundu wa 3.8 umene unatuluka mu Febuluwale 2013 sunathenso kuyenda pa iyo. Mu 2025 Bambo Ingo Molnar, mmodzi wa osamalawo, anapereka ganizo lochotsanso 486, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho gulu la Debian linatulutsa mtundu wake wa 13 wopanda njira yoikira pa makompyuta akale a Intel a mabiti 32. Koma kusiyana kulipo. Kampani ikatseka chitseko imapita ndi kiyi, pamene gulu laufulu likaleka limasiya malemba onse poyera, ndipo wofuna angathe kupitiriza pamene iwo analekera.

Chachiwiri amati bolodi lakale ndi khomo la akuba. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inalowa m'makompyuta a Windows m'maiko oposa 150, inasokoneza zipatala za ku Britain ndi kuimitsa ntchito m'mafakitale ena a galimoto a Renault. Makompyuta amene anagwidwa anali osaikidwa chigamba chimene chinali chitatuluka kale. Phunziro limeneli likhudza Linux chimodzimodzi, pakuti Linux yakale yosasamalidwa ndi yoopsa monga Windows yakale yosasamalidwa. Bolodi lotere siliyenera kulumikizidwa ku intaneti popanda chotchinga.

Chachitatu ndi nkhani ya chaka cha 2038. Mapulogalamu ambiri akale amawerenga nthawi mwa kuwerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo malo osungiramo chiwerengerocho amadzaza pa 2,147,483,647. Chiwerengero chimenechi chidzakwana pa 19 Januwale 2038, ndipo wotchi ya makina osakonzedwa idzabwerera ku chaka cha 1901. NetBSD inakonza vutoli mu 2012, ndipo Linux inatsiriza mbali yake ya makina a mabiti 32 pa mtundu wa 5.6 mu 2020. Tsono bolodi la 386, limene silingalandire Linux yatsopano, lili ndi malire ake, ndipo mwini wake ayenera kuwadziwa lero.

Chachinayi, chimene chili cholemera koposa, n'chakuti makina ena amasunga miyoyo ya anthu. Pulogalamu ya makina a m'chipatala kapena ya zizindikiro za pa njanji imayesedwa ndi kuvomerezedwa pamodzi ndi bolodi lake, ndipo kusintha mbali imodzi ndiko kuyambanso kuyesa konse. Pamalo otere sipoyeserapo nzeru za mmisiri mmodzi, ndipo nthawi zina kugula zatsopano, monga anachitira a ku San Francisco, ndiko kuchita mwanzeru.

Mutu Umodzi Susenza Denga

Makampani aakulu a dziko lapansi anaona kale kuti ntchito yosamala pulogalamu zaka zambiri ndi yolemera kwa mmodzi. M'chaka cha 2016 bungwe la Linux Foundation linakhazikitsa Civil Infrastructure Platform, ndipo pakati pa oyambitsa ake panali Hitachi, Siemens ndi Toshiba. Makampaniwa amapikisana pa malonda, koma anagwirizana kusonkha ndalama ndi amisiri kuti mitundu ina ya Linux isamalidwe zaka zosachepera 10, kuti ithandize pa makina a magetsi, a njanji ndi a m'mafakitale. Zigamba zimene amasoka zimaikidwa poyera, kotero kuti ngakhale fakitale yaing'ono imapindula nazo. Ngati makampani olemera chotere sanayembekezere ulere, wina aliyense asauyembekezere.

Udindo wa Ogwira Ntchito m'Boma ndi Aphunzitsi

Masomphenya a Malawi 2063, amene Boma linakhazikitsa mu Januwale 2021, anaika chitukuko cha mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Makina ambiri amene adzagulidwa pokwaniritsa cholinga chimenechi adzakhala ndi bolodi m'kati mwake, ndipo adzakhalitsa kuposa kampani zina zimene zidzawagulitsa. Chifukwa chake wolemba pangano logulira makina ayenera kufunsa mafunso awa asanasaine: kodi m'katimo muli pulogalamu yanji, malemba ake adzaperekedwa kodi, idzasamalidwa kufikira chaka chiti, ndipo idzadutsa chaka cha 2038? Mayankho ake alembedwe m'pangano momwemo. Woyang'anira katundu naye asunge kaundula wa mabolodi onse, mtundu wake ndi chaka chake, pamodzi ndi makope a mapulogalamu ake ndi mabuku ake, pakuti zimenezi zikatayika ngakhale mmisiri wodziwa amasowa poyambira.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu koposa. Ufulu wowerenga malemba ulibe phindu kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Bolodi lakale lochotsedwa m'fakitale ndi chida chabwino chophunzitsira, chifukwa ndi losavuta kumvetsa kuposa latsopano, ndipo likawonongeka m'kalasi palibe chachikulu chatayika. Sukulu za ntchito zamanja, pamodzi ndi mayunivesite monga MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, zingachite bwino kupempha mabolodi otere m'malo mowalola kupita kudzala, kuti anyamata ndi atsikana aphunzire kuikapo Linux, kuichepetsa ndi kuikonza ndi manja awo.

Bolodi lakale lisatayidwe chifukwa chongoti ndi lakale, ndipo lisasungidwe chifukwa chongoopa mtengo wa latsopano. Liyesedwe, malire ake alembedwe, ndipo pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi kulisamala. Malipiro a munthu ameneyo ndiwo mtengo weniweni wa pulogalamu yaufulu, ndipo ayenera kuonekera m'ndondomeko ya ndalama ya chaka chilichonse.