Chibayo cha Makanda: Masabata 6 Oyamba

Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa chibayo wa PCV13 mu Novembala 2011. Komabe tisaiwale kuti katemerayu amayamba mwana akakwanitsa masabata 6. Asanafike pamenepo, khanda lilibe chitetezo chimenechi.

Khanda lodwala chibayo nthawi zina silitsokomola n'komwe. Zizindikiro zake ndi kupuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, chifuwa kulowa kwambiri m'kati, kubuula, kukana bere, ndiponso thupi kutentha kapena kuzizira.

Chithandizo chilipo: jakisoni wa penicillin ndi gentamicin, mpweya wa okosijeni, ndi makina a Pumani othandiza kupuma, amene adayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma zonsezi zimapulumutsa mwana amene wafika nthawi yabwino.

Apa ndi pamene mwambo wa chikuta ufunika kuunikidwanso. Kusunga mayi ndi khanda m'nyumba mpaka mchombo utagwa n'kofuna kuwateteza, koma chibayo sichidikira mchombo. Agogo ndi abambo, amene mawu awo amamveka pabanja, aloleze kuti khanda lopuma movutikira lipite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.